Asewere Anga, Mdani wa Tsache

Munthu aliyense ali ndi chimene amadana nacho. Wina mowa, wina agalu, wina alamu ake. Asewere anga, Mulungu awasunge kumene aliko, ankadana ndi tsache. Tsache lomweli losesera pabwalo. Akangomva kuti shwe, shwe, shwe kuseri kwa mpanda, ankasiya chilichonse, ngakhale kapu ya tiyi ili pakamwa, n'kuthamanga ngati nyumba yagwira moto.

"Musasese! Mayi inu, musasese! Masambawo akulakwirani chiyani?"

Mpake msewu wathu wonse unaiwala dzina lawo. Ana, ogulitsa makala, wometa tsitsi, onse ankangoti a Musasese, ndipo eni ake ankayankha mokondwa ngati awakweza pantchito.

Ndiyambe ndi ubale kuti musasochere. Mwana wanga mzime, mtsikana amene ndinamulera ndi manja angawa, anakwatiwa ndi mwana wawo wamwamuna, makaniko wa magalimoto, munthu wofatsa ngati madzi a mumtsuko. Anapeza nyumba mumsewu womwe ndimakhala inewu, chakumtunda pang'ono. Ndipo ndikuuzeni mosabisa, pabwalo pa mwana wanga panalibe pena pofanana napo. Ife m'banja mwathu tsache timaligwira tisanagwire pensulo. Nkhuku inkafika pageti pake, n'kuyang'ana mapazi ake, n'kubwerera yokha. Amayi akamadutsa ankati, "Koma mwana wa agogo aja analeredwa." Ine ndikamva mawu amenewo ndinkayenda ngati ndavala nsapato zatsopano.

Kenako asewere anapuma pantchito. Akazi awo anali atatsogola kale, ndiye mkamwini wanga anawamangira kanyumba kuseri n'kukawatenga. Anafika ndi sutikesi imodzi, khasu, ndi thumba la mabotolo odzaza mbewu. Ine ndinati ndiwapatse kaye mpata akhazikike. Patapita masabata angapo ndinavala bwino n'kupita kukawalonjera.

Nditatsegula geti ndinaima chilili. Masamba ouma, udzu, mapesi, makoko a nthochi, kuyambira pageti mpaka pakhonde. Ndinadziwa kuti mwana wanga wadwala.

"Iwe, wagona? Ndi mutu? Bwanji osatuma mwana kudzandiuza?"

"Ndili bwino, amayi," anatero akuyang'ana pansi. "Abambo abisa tsache."

"Abisa chiyani?"

Ndisanamve yankho, munthu wamkulu anadzuka pakati pa zinyalalazo, dothi mpaka m'zigongono, kumutu chipewa chimene mbuzi inalawapo.

"Asewere, takulandirani! Koma muziponda pang'onopang'ono, pansipo pali anthu."

"Anthu ati?"

Anafukula masamba, n'kutulutsa nyongolotsi yonenepa ngati chala changa, n'kundionetsa monga amaonetsera mdzukulu wobadwa kumene.

"Antchito anga awa. Sadwala, sanyanyala, sapempha tchuthi. Amangofuna denga basi."

"Asewere, pano ndi pakhomo pa anthu, si kudzala."

"Nanga nkhalango amasesa ndani? Munaimvapo ikupempha feteleza?"

"Nkhalango ilibe amayi ake oti anthu awaseke," ndinatero. "Mwana wangayu ali nawo."

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kundiuza kuti ine ndi iwo tigwirizana kwambiri. Nkhondo yathu inayamba tsiku limenelo.

Muyenera kudziwa ntchito imene ankagwira poyamba. Zaka zawo zonse anathera popopera mankhwala m'nyumba zosungiramo chimanga, thanki kumsana, kansalu pamphuno. Ankati anapha tizilombo tochuluka moti akadzafika kumwamba tidzakhala titafola pakhomo kuwadikira. Ndiye atapuma analumbira kuti m'dimba mwawo simudzagwa dontho la mankhwala a kusitolo kapena kambewu kamodzi ka feteleza. "Ndikupepesa, asewere," ankatero. "Masiku anga otsalawa ndi opepesa."

Kupepesa kwake kunali kwa mtundu wina. M'dzinja, mvula ikakhazikika, nkhono zinkatuluka ngati zaitanidwa kuukwati n'kumadya mbande za mpiru. Munthu wanzeru amathira mchere, nkhani n'kutha. Iwo ayi. Ankazitola m'mawa uliwonse, n'kuziika m'ndowa, n'kuzinyamula mpaka kupuloti yopanda nyumba kumapeto kwa msewu, akuzilangiza njira yonse.

"Asewere," ndinawauza, "zimenezotu zimabwerera. Mukuzipatsa ulendo waulere."

"Sizingabwerere. Tinamvana."

"Tiikeni chizindikiro tione."

Anapempha penti wa zikhadabo wa mwana wanga, n'kupaka nkhono imodzi kadontho kofiira pamsana, n'kukaisiya kupuloti kuja. Sabata isanathe anandituma mdzukulu kuti ndibwere msanga. Nkhono ya kadontho ija inali pabedi la mpiru, ikudya mosatekeseka. Ine ndinapinda manja kudikira kuti avomere.

"Mwaona, asewere?" anatero maso akuwala. "Misewu yonseyi, makomo onsewa, yasankha pano. Imeneyi ndi ya pakhomo pano. Isiyeni."

Nsabwe za m'masamba zokha ndi zimene ankazithamangitsa, koma nazonso mwaulemu. Ankasinja tsabola wowawa, adyo ndi masamba a nimu, n'kuviika m'madzi a sopo, n'kumawaza ndi kanthambi. Ankati sakuzipha, akungozionetsa kuti pano sizikufunidwa. Tsiku lina anawaza mphepo ikulowera kwa a telala, amene amasokera pakhonde kuseri kwa mpanda. Bambo uja anayetsemula mpaka makina anathamanga okha. Thalauza limene ankasoka linatuluka mwendo wina wautali, wina waufupi, ndipo mwini wake mpaka lero amayenda ngati akutsika phiri.

"A Musasese, mwandipha!" anakuwa a telala.

"Pepani, a neba. Koma chimfine chija mumadandaula chatha, si choncho?"

Kukayamba kuzizira ndiye inali nyengo yawo ya manyowa. Apa m'pamene adzukulu anga ankasintha njira ya kusukulu kuti asakumane ndi agogo awo. Asewere ankavala jekete, chifukwa ankati kupempha kumafuna ulemu, n'kukankha wilibala msewu wonse. Kumsika ankatola makoko a mbatata ndi masamba a kabichi ofota. Kwa mayi wogulitsa tiyi ankatenga masamba otsala m'ketulo. Kwa wometa ankasesetsa tsitsi m'kathumba, ndipo kumeneko kokha n'kumene ankavomereza tsache. Akaona ng'ombe zikudutsa ankazitsatira pambuyo modekha ngati mlonda wa munthu wamkulu, fosholo ili m'manja. Zonsezi ankaziyala m'dzenje kuseri kwa bafa, zouma pansi, zaziwisi pamwamba, ndowe, phulusa pang'ono, madzi, kenako n'kuyambiranso. Pakapita masiku ankalowetsa mkono mpaka paphewa.

"Asewere, bwerani mumve! Zafunda ngati m'khwapa mwa mwana!"

"Mkono wangawu ndimadyera," ndinkawayankha.

Koma chilungamo ndichinene. Dothi la pabwalopo, limene poyamba linali louma ngati msewu, linasanduka lakuda, lofewa ngati buledi. Kabichi wake mwana sankamunyamula yekha. Karoti, anyezi, mpiru, nyemba, mabiringanya, zonse zosakanikirana popanda mzere, pakati pake maluwa onunkha aja achikasu amene ankati amasokoneza mphuno za tizilombo. Ndipo sankagulitsa. Aliyense wodutsa ankachoka ndi mtolo wa masamba m'manja, afune asafune.

Apa ndiye pamene pankandiwawa. Pakamwa pomwe pankadya mpiru wa asewere ndi pomwe pankanyoza mwana wanga. Pampopi pamene timatunga madzi akavuta m'nyumba, nkhani inali imodzi. Wotsogolera anali mayi wina amene timamutcha Mayi Polishi, chifukwa khonde lake limawala moti alendo amaterereka asanapereke moni.

"Mwamuna wokalamba sitingamunene," ankatero Mayi Polishi, "koma pakhomo ndi mkazi. Mkazi wodziwa ntchito sangagone zinyalala zili pakhomo. Kaya kwawo anamuphunzitsa chiyani."

Mawu ali ndi miyendo, anandipeza. Ndinapita pampopipo ndowa ili yopanda kanthu, n'kuiika pansi mwamphamvu.

"Amene akufuna kudziwa zimene ndinaphunzitsa mwana wanga andifunse ine. Ndabwera."

Aliyense anawerama n'kuyamba kutsuka ndowa yake. Koma mukudziwa, pakamwa pa anthu umatseka uli pomwepo, ukangotembenuka patseguka. Mwana wanga anayamba kutunga madzi dzuwa lili pamutu, nthawi imene pampopi palibe munthu. Akapita kumsika ankayenda mwachangu, mutu pansi. Kwa apongozi ake sakanatha kunena kanthu, mwana waulemu uja, ndipo mwamuna wake ukamuuza ankangokanda m'mutu ndi sipanala n'kuti, "Abambo ndi choncho, amayi." Dzina limene ndinamumangira mwana wanga kuyambira ali wamng'ono linali kudyedwa ndi chiswe ine ndikuona.

Ndiye ndinapita kwa asewere ndi mawu okonzeka.

"Tigawane bwalo. Kuchokera pageti mpaka pakhonde pakhale njira yosesa, yotakata moti anthu awiri n'kudutsana. Kwinako chitani zanu."

Anavomera mosavuta, mpaka ndinadabwa. Tinayala njerwa mbali zonse ziwiri, ndipo tsache linatuluka kumene analibisa, padenga la khola la nkhuku. Mwezi woyamba zinayenda. Mwezi wachiwiri ndinaona kuti ndikamadutsa nsalu yanga ikukhudza masamba a maungu. Mwezi wachitatu ndinkayenda chammbali ngati nkhanu.

"Asewere, njerwazi zikuyenda."

"Inenso ndaona," anatero nkhope ili gwa. "Ndi nyongolotsi. Zimakankha pansi."

"Zimakankhira mbali imodzi yokha?"

"N'zophunzira, asewere."

Ndinkabwezera njerwa Loweruka, iwo ankazisuntha mkati mwa sabata. Tinakhala choncho zaka, ndipo palibe anatopa.

Nthawi yawo yonyada inali chilimwe, dzuwa lija limene limaotcha mpaka agalu amaiwala kuuwa. Kukayamba kutentha, nyumba yonse inkalowa usilikali. Aliyense ankasamba ataima m'beseni kuti madzi asatayike, ndipo iwo ankaima panja pa bafa n'kumakuwa, "Sopo pang'ono! Madziwo ali ndi eni ake!" Madzi otsukira mpunga, otsukira makapu, onse ankapita kudimba. Mabotolo apulasitiki ankawaboola n'kuwakwirira pafupi ndi mizu kuti azidontha pang'onopang'ono. Kuthirira kunali kwa m'mamawa ndi madzulo basi. Ankati wothirira masana akuphika ndiwo zili m'munda. Pamwamba pa mabedi ankamanga timadenga ta udzu, ndipo udzu ukatha ankatenga chilichonse: makatani akale, neti yong'ambika, ngakhale ambulera yanga imene ndinaiwala pakhonde. Ndinaipeza itafunditsa tomato.

"Inuyo muli ndi miyendo yothawira pamthunzi," anatero. "Uyu alibe."

Ndipo pansi ponse, masamba aja ndi udzu uja, wokhuthala mpaka m'kakolo. Msewu wonse ukakhala fumbi, kapinga atapsa, maluwa a Mayi Polishi atawerama ngati olira maliro, kwa mwana wanga kunali kobiriwira. Ukafukula masamba masana dzuwa likuswa mtengo, dothi unkalipeza lozizira, lonyowa. Sindinawauze kuti ndinafukulapo. Akanakula mtima.

Chaka chathachi, kutentha kutafika pachimake, chifuwa chinawagwira. Ankati ndi mankhwala aja a kuntchito abwera kudzawalonjera. Anawagoneka kuchipatala. Mwana wanga anakhala nawo komweko, ine ndinkapita ndi chakudya n'kumatandala nawo, mkamwini ankachoka m'mawa kupita kugalaja n'kubwera dzuwa litalowa, ndipo adzukulu ndinawatengera kwanga. Pakhomo masana panalibe munthu. Asewere, ndi mpweya wawo woperewerawo, nkhani inali imodzi.

"Mabotolo a tomato mwadzaza? Kadenga ka mbande sikanagwe? Asewere, ndakuonani, musatengerepo mwayi pa njerwa zija."

"Chirani kaye," ndinkatero. "Sindimenya munthu wogona."

Tsono amayi a mumsewu mwathu anamva chisoni. Ndinene zoona, anamvadi chisoni, chifukwa munthuyo ankamukonda. Ndipo kwa ife amayi, chisoni chimatuluka ndi tsache. Munthu akadwala timamukonzera pakhomo kuti akabwera apeze poyera. Mayi Polishi anasonkhanitsa anzake, n'kubwera ndi matsache, mareki ndi machesi. Anasesa masamba onse mpaka dothi linaoneka. Anazula maluwa achikasu aja poyesa tchire. Anagwetsa timadenga, chifukwa ati timaoneka ngati zisakasa. Anafukula mabotolo n'kukataya. Dzenje la manyowa analikwirira, zinyalala zonse anaziunjika n'kuyatsa moto. Pomaliza anawaza madzi pabwalo n'kusesanso kachiwiri, mizere ya tsache ikuoneka bwinobwino. Ntchito yake inali yosiririka. Ine mwini sindikanaposa pamenepo.

Mkamwini ataona anagwira mutu, koma anaopa kutiuza. Anayesa kuthirira madzulo, koma madzi pa dothi lamaliseche m'chilimwe amangopita ngati mwawathira pachiwaya. Pamene asewere ankatuluka m'chipatala, dzuwa linali litagwira ntchito yake masiku angapo.

Tinatsika galimoto tikuwagwira m'mikono. Pageti panali amayi aja, atavala bwino, akumwetulira. Mayi Polishi anandikokera pambali.

"Agogo, tamuchotsera manyazi mwana wanu uja. Tsopano pakuoneka ngati pakhomo pa munthu."

Mawu amene anabwera pakamwa panga si oti n'kulemba. Ndinawameza chifukwa cha wodwala. Asewere anatisiya manja n'kulowa okha. Mpiru unali utagona pansi ngati nsanza. Tomato anali atapsa mbali imodzi. Dothi lija lakuda linali litayera n'kung'ambika ming'alu. Anagwada movutikira, n'kuika chikhatho pansi monga timachitira pamphumi pa mwana.

"Watentha thupi," anatero motsitsa.

Tonse tinadikira kukuwa kuja kumene msewu unakuzolowera. Sikunabwere. Anadzuka, n'kuvula chipewa, n'kuyang'ana amayi aja.

"Mwagwira ntchito yaikulu, amayi. Zikomo pondikumbukira."

Analowa m'kanyumba kawo n'kutseka chitseko. Tsiku limenelo sanadye. Mawa lakenso phala linabwerera momwe linapitira. Ndinapita pawindo lawo n'kuwaputa dala.

"Asewere, njerwa zija ndazibwezera mpaka kumpanda. Bwalo lonse ndi langa tsopano."

"Tengani, asewere," anayankha. "Mwapambana."

Zaka zonsezo ndinkafuna kumva mawu amenewo. Atabwera anandilasa ngati minga.

M'mawa wotsatira ndinapeza mwana wanga pakhonde akukung'untha matumba akale a chimanga. Pabwalo pake panali poyera monga ankafunira kuyambira kale, monga ndinamuphunzitsira. Iye sankapayang'ana n'komwe.

"Matumbawo ndi a chiyani?"

"Ndikukapempha zinyalala, amayi. Khomo ndi khomo. Abambo sadya mpaka dothi lifunde."

"Iwe, ukudziwa chimene adzakutcha? Kale ankati susesa. Tsopano azidzati umatola za anzako."

"Ndikudziwa, amayi."

Anaika thumba paphewa n'kutuluka pageti, dzuwa lili ngwee, anthu onse ali panja. Ndinamuyang'ana kumsana. Mwana amene ankabisala potunga madzi ankayenda pakati pa msewu, mutu uli m'mwamba. Ndinaganiza za dzina lija ndinalisamala ngati dzira. Kenako ndinamanga nsalu yanga mwamphamvu m'chiuno n'kutola thumba lachiwiri.

"Dikira. Sungayambe iwe ine ndilipo. Ndipo tiyambira kwa Mayi Polishi."

Tinamupeza akusesa pansi pa mtengo wake wa mango, machesi ali kale m'manja.

"Odi! Tabwera kudzapempha zinyalala."

"Agogo, mukuseka?"

"Ndikuoneka ngati ndikuseka? Thirani umu. Ndipo mumve bwino, kuti mukakafotokoza pampopi musaphonye mawu. Uyu ndi mwana wanga, ndinamulera ine. Amene akugona uko osadya ndi apongozi ake. Ngati kusamala apongozi ndi uve, ndiye uvewo anauyamwa kwa ine. Thirani."

Mayi uja anayang'ana machesi, anayang'ana mwana wanga.

"Sakudya?"

"Kuyambira tsiku lija anaona thandizo lanu."

Anagwira thumba kukamwa n'kuyamba kuthira ndi manja ake omwe aja osakhudza fumbi. Titachoka anatitsatira ndi beseni pamutu. Pofika pakhomo lachitatu tinali anthu asanu. A telala anapereka udzu umene anafuna kufolerera khola. Wa matabwa anabweretsa utuchi pa njinga. Pofika masana, msewu wathu unaona chimene sunaonepo: amayi aukhondo onse a m'dera lino atafola, aliyense atasenza zinyalala za pakhomo pake, kukazithira pabwalo la mnzawo.

Phokosolo linawatulutsa asewere. Anaima pakhomo atagwira chitseko, akuyang'ana. Ndinati tsopano alira, ndipo ine ndiyang'ane kumbali. Koma anakweza ndodo n'kuloza Mayi Polishi.

"Mayi inu! Osagunditsa patsinde! Siyani mpata wa zala, tsinde lipume! Kodi kusukulu munkaphunzira chiyani?"

"Pepani, a Musasese."

"Ndipo utuchiwo pang'onopang'ono, si mchere wa m'ndiwo! Amayi," anatembenukira kwa mwana wanga, chifukwa ndi mmene ankamuitanira, "phala lija lilipo? Anthu awa sangagwire ntchito popanda kapitawo."

Anadya mbale yonse atakhala pampando pakati pa dimba, akulalatira aliyense. Sindinamvepo kulalata kokoma ngati kumeneko.

Si zonse zinadzuka. Mpiru unapita, nyemba zinapita. Koma mabiringanya ndi tsabola anaphukira, ndipo tomato wina anachita manyazi n'kubereka. Asewere mphamvu zogwira khasu sizinabwerere, ndiye ankalima ndi pakamwa, manja ali a mwana wanga. Anamuphunzitsa kusunga mbewu m'phulusa, kununkhiza manyowa kuti adziwe ngati apsa, kudzala nyemba pamene panali kabichi. Mvula yoyamba anaiona ali pampando womwewo, ndipo anakana kulowa m'nyumba mpaka tinawanyamula ndi mpando womwe. Anatisiya dzinja lili pakati, maungu atayamba kuyanga.

Mwana wanga tsopano ali ndi dzina latsopano. Amamutcha Mayi Musasese. Poyamba ndinkafuna kukamenya munthu, koma ndinaona mmene amalitchulira: amalitchula ataima pageti, manja kumbuyo, akupempha mbande kapena kufunsa chifukwa chimene masamba a tomato wawo akupiringizika. Pampopi amamupatsa malo kuti atunge msanga akathirire. Ndipo wina akafunsa kuti kodi mayi ameneyu ndi mwana wa ndani, ndimayankha ndisanafunsidwe kachiwiri.

Koma msewu wazizira. M'mawa matsache amalira monga kale, ndipo ndimaona amayi akusesa pang'ono n'kuima, n'kutembenukira kumpanda uja, ngati munthu amene waponya mwala padenga n'kudikira kuti ugwe. Palibe amene amakuwa. A telala akuti tsopano amasoka tsiku lonse popanda womusokoneza, ndipo pofika madzulo mutu umawawa ndi chete. Adzukulu anga amayenda njira yachidule popita kusukulu, palibenso wowachititsa manyazi, koma wamng'ono uja tsiku lina anaona ng'ombe zikudutsa n'kuyamba kulira pakati pa msewu.

Ine ndimapitabe kumtundako madzulo alionse. Ndimakhala pakhonde n'kumanena maganizo anga: kuti anyezi wathinana, kuti papaya uyo adulidwe, kuti mvula ya chaka chino ichedwa. Mkamwini amati, "Zoona, amayi." Mwana wanga amati, "Chabwino, amayi." Masiku ano mkangano uliwonse ndimapambana ndisanauyambe, ndipo ndikuuzeni, abale anga, sukoma ngakhale pang'ono.